Kudzutsa Maina

Chaka chilichonse, kukatsala sabata kuti anthu akasese kumanda,
a khonsolo amandipatsa chitini cha penti wofiira
ndi burashi ya ubweya wa mbuzi,
n'kunena kuti: Nie Yueqin, pita ukadzutse maina aja.

Alipo mazana awiri, khumi, asanu ndi limodzi
pa khoma la mwala wakuda
kumtunda kwa tauni yathu, muno mu Jiangxi,
pamene nsungwi zimayambira.
Mvula imawasuluka, ndere zimalowa m'mizere,
ine ndimatokosa ndi waya, kuuzira fumbi, kenako kulemba.

Akuluakulu ali pamwamba, ndimawafikira pa makwerero.
Iwo ali ndi zithunzi m'nyumba yosungiramo mbiri,
ali ndi misewu, ana asukulu amawaloweza pamtima.
Pansi, pamene ndimagwada,
pali aja amene mbiri inangowagwira kumalaya:
Wachitatu wa kwa a Kuang.
Mkazi wa wosula makasu.
Mnyamata wosenza mchere, zaka khumi ndi zinayi.
Amenewa amamwa penti wambiri, kaya chifukwa chiyani.

Lachiwiri lapitali kunabwera nkhalamba
pa basi ya m'mamawa, kuchokera ku Taiwan,
chilankhulo cha kwathu kuno chili m'kamwa mwake
ngati ndalama yakale imene sitolo zinasiya kulandira.
Anayendetsa chala mzere ndi mzere,
kuyambira kumanja, kumatsika.
Anafika pa bondo langa. Anayambiranso.

Mukufuna yani, bambo?

Mkulu wanga, Qu Shaotang.
Anamugwira panjira akuchokera kogula mafuta a nyale,
anamuveka yunifolomu yomukhwepa.
Palibe anamufunsa kuti ali mbali iti.
Chipewa chimene anamuveka sichinali cha awa.

Ndinkadziwa kale kuti palibe.
Khomali ndimalidziwa kuposa msana wa mwamuna wanga.
Okalamba amati mtsinje unali umodzi,
usiku unali umodzi,
koma mwala unachita kusankha.

Burashi ili m'manja, penti akudonthera pa nsapato.
Pansi penipeni pa khoma patsala malo a zala zinayi.
Ndinawayang'ana. Iyenso anawayang'ana.
Koma mndandanda uli ndi chidindo cha boma,
ndipo ntchito yanga ndi kudzutsa, si kubala.

Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa burashi yatsopano,
ndinaiviika m'botolo langa la tiyi wozizira
n'kumupatsa.

Anagwada movutikira, mawondo akulira ngati nsungwi youma.
Analemba pa simenti, patsogolo pa khoma,
zilembo zitatu zikuluzikulu,
zija za mizere yambirimbiri
zimene ife kuno tinazidulira kalekale.
Dzanja silinanjenjemere mpaka pa mzere womaliza.

Tinaima phee.
Dzuwa la nyengo ino silikhala ndi ulemu.
Qu anayamba kuuma, kenako Shao,
Tang anakhalitsako pang'ono m'ming'alu
mmene nyerere zinabwera kudzamwa.

Anawerama katatu,
sindikudziwa ngati kwa mbale wake yekha kapena kwa khoma lonse.
Anasiya malalanje awiri ndi ndudu imodzi yosayatsa,
anasasa fumbi pa buluku,
nafunsa kuti basi yobwerera imanyamuka nthawi yanji.
Ndinamuuza. Sindinamufunse dzina.

Mzere wapansi ndinaumaliza dzuwa litapendeka.
Lalanje limodzi ndinalisunthira kwa mnyamata wa mchere.
Linalo ndinadya, ndinali ndi njala,
ndipo linali lowawasa.

Mawa kubwera ana asukulu ndi timipango tofiira m'khosi,
kubwera ng'oma, nkhata za maluwa, mkulu wa pa maikolofoni.
Adzawerenga a pamwamba aja mokweza
ndipo adzachita bwino, nawonso anafa.

M'mawa uno ndadutsa pamalo paja ndi tsache.
Simenti ili mbuu, palibe choti munthu n'kuloza.
Komabe mapazi anga
analambalala okha.